Kodi kulipira munthu kuti akumvereni n'kunyoza ankhoswe?

Kalata iyi yakhala m'foni mwanga milungu iwiri ndisanaiyankhe. Ndinkati ndikaitsegula, ndiwerenge mizere itatu, basi ndapeza chochita china, mwina kukaona ngati nkhuku zalowa m'khola.

Alemba ndi mayi wina wa ku Domué. Amuna awo amagwira ntchito ku Moatize, amabwera kumapeto kwa mwezi, ndipo akabwera m'nyumba mumangoti zii ngati mwagwa maliro. Amva zoti mumzinda wa Tete muli anthu ophunzira za maganizo amene amalandira mabanja polipira, ndiye akufunsa kuti: "Kodi zimathandiza? Nanga ankhoswe akamva kuti tawadumpha, tidzawayang'ana bwanji kumaso?"

Amayi, ndiyankha, koma mundilole ndizungulire kaye, chifukwa mwandiponda pachilonda.

Mu 2017 ine ndi mayi a kunyumba tinataya mwana pobadwa. Inu a kuno ku Angónia mukuudziwa mwambo wa nthayo. Amakaika ndi amayi akuluakulu okha, mwakachetechete, popanda nyimbo, popanda kulira mokweza. Mwamuna sapondako. Ine anandiuza ndili pakhonde kuti "zatheka", ndipo Lolemba lake ndinali m'kalasi, choko m'manja, kuphunzitsa ana masamu ogawa. Kuseri kwa chitseko kunali beseni lobiriwira lapulasitiki lomwe tinagula pamsika wa Ulónguè kuti tizimusambitsiramo mwanayo. Palibe anayerekeza kulisuntha kapena kuchapiramo. Linakhala pomwepo mpaka akangaude anamangamo nyumba.

Ine ndinayamba kuchedwa pabaraka. Iwo anayamba kugona moyang'ana kukhoma. Sitinkakangana ayi, bola tikanamakangana.

Patapita miyezi, ankhoswe anabwera: atsibweni awo a mayiwa ndi mkulu wanga. Tinayala mphasa pansi pa mtengo wa pichesi, mafunso n'kuyambika. Ya ndiwo amasiya? Amasiya. Amakumenya? Ayi. Kodi alipo mkazi wina? Palibe. Nanga iwe, amakuphikira, amakuchapira? Inde. Atsibweni anakanda m'mutu, nati, "Nanga mlandu uli pati apa?" Chigamulo chinali chakuti ine ndichepetse mowa, mayiwa asangalale, ndipo tisadandaule poti tikadali ana, tidzabereka wina. Tinapha nkhuku, tinadya, alendo anatsanzika. Pofika Lachitatu amayi a pamjigo anali atadziwa kale kuti kwa aphunzitsi sagonera mphasa imodzi.

Sindikuwanyoza akuluakulu aja. Anagwira ntchito yomwe amaidziwa. Nkhoswe amafufuza wolakwa, ndipo kwathu kunalibe wolakwa. Kunali beseni kuseri kwa chitseko.

Za phungu wa zamaganizo, amene pa Chipwitikizi amati psicóloga, anandiuza ndi mphunzitsi mnzanga, monong'ona, ngati akundilozera kwa sing'anga. Ndinakana kawiri. Ndinati ine si wamisala. Kachitatu ndinavomera chifukwa mayi a kunyumba anali atayamba kulongedza zitenje m'chikwama osanena komwe akupita. Tinakwera chapa (minibasi) m'bandakucha titavala majekete, tinatsika zitunda mpaka pa Mussacama, pofika ku Moatize majekete anali pamiyendo, ndipo powoloka mlatho wa Samora Machel thukuta linali kamukamu. Amene simunafikeko ku Tete mwezi wa Okutobala musamatsutse akamanena za kutentha kwake. Ndalama ya ulendo umodziwo, chapa pamodzi ndi malipiro, inali yoti ndikanagula thumba la feteleza n'kutsala ndi chenji. Njira yonse ndinkawerengera mizere ya chimanga yomwe ndataya.

Chipinda chake chinali chaching'ono. Mipando itatu, fani, wotchi pakhoma, ndi bokosi la timapepala topukutira misozi lomwe ndinaliyang'ana monyoza. Mayi wake anali wa ku Beira, Chichewa sankachidziwa, ndipo mkazi wanga Chipwitikizi chake ndi chogulira mchere basi. Ndiye womasulira ndinali ine. Apa mpamene ndinachita manyazi omwe mpaka lero akandibwerera ndimatseka maso. Mayi a kunyumba anayankhula nthawi yaitali, mawu akunjenjemera, ine n'kumasulira m'mawu asanu kuti akudandaula zoti ndimachedwa kubwera kunyumba. Phungu uja anangondiyang'ana, nati: "Bambo, akazi anu atchula mawu akuti mwana katatu. Mawu amenewo ndimawamva, ndi kwathu komwe timatero. Inu simunawatchule n'kamodzi komwe. Chifukwa chiyani?"

Ndinasowa polowera. Ndinayang'ana wotchi, ndinayang'ana fani. Tsiku limenelo mpamene ndinamva koyamba kuti mkazi wanga anamupatsa dzina mwana uja ali m'mimba, ndipo miyezi yonseyi ankamuitana dzinalo mumtima. Timapepala tija ndinatha ndine.

Tinapitako kasanu. Sanatipatse mankhwala, sanatiweruze, sanatiuze kuti tikhalirane kapena tisiyane. Ankangofunsa, n'kudikira, osaopa kuti m'chipinda mwati zii. Ankhoswe pakakhala chete amafulumira kuponyapo mwambi.

Ndipo poti ndayamba, ndinene zonse. Mawu akuti "banja ndi kupirira" ndayamba kudana nawo. Amauzidwa ndi akazi kakhumi, amuna kamodzi. Timawanena pofuna kuti nkhani ithe msanga, nsima isazizire. Amuna nafenso tili ndi athu: "mwamuna salira". Bambo anga anatithawitsira ku Dedza nthawi ya nkhondo, tinakhala kumeneko mpaka mtendere utasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, kenako n'kubwerera kumabwinja. Zaka zonse zotsatira ankagona nsapato zili kuphazi. Njinga yamoto ikaphulitsa mumsewu ankagwetsa mbale. Ife tinkaseka, akuluakulu n'kumati "ndi mmene alili". Anamwalira osauzako munthu zomwe anaona pothawa. Anthu ngati iwo analipo mudzi uliwonse kuyambira ku Tsangano mpaka ku Furancungo, ndipo ana awo ndife, amene tikulera mabanja lero ndi kukhala chete komwe tinatengera kwa makolo. Ndiye munthu azindiuza kuti za uphungu ndi za azungu? Azungu ndi amene anagona m'tchire zaka zija?

Kenako kunabwera malasha. Chiyambire kampani ya Vale kukumba ku Moatize mu 2011, anyamata ambiri a kuno anatsikira kumeneko, mabanja ena a pamalo a mgodiwo anali atasamutsidwira kale ku Cateme, ndipo mu 2022 mgodi unapita m'manja mwa kampani ya Vulcan. Mwamuna wokhala kutali ndi kwawo, wogwira usiku, wosadziwa ngati kontirakiti yake ipitirira, akafika pakhomo amapeza ana akula osamuzolowera ndipo mkazi waphunzira kuyendetsa zonse yekha. Amakhala mlendo pampando wake womwe. Sindikuti amuna anu, Amayi, ndi zimenezi zikuwadya. Mwina ndi ngongole, mwina ndi mkazi wina (tisanamizane, zimachitika), mwina ndi matenda omwe akuopa kuwatchula. Ine sindine phungu, ndine mphunzitsi wa pulayimale wokonda kulemba usiku.

Nanga ankhoswe?

Musawataye. Ikadzafika nkhani ya munda, ya ana, ya chikamwini kapena chitengwa, phungu wa ku Tete sadzabwera kudzakhala pamphasa. Adzabwera ndi atsibweni. Koma nkhoswe aliyense ali ndi mbali yake, wanu ndi wanu, wa amuna anu ndi wawo, ndipo madzulo amakafotokozera akazi awo. Phungu alibe mbale m'mudzi mwanu, ndipo ntchito yake imamulamula kusunga chinsinsi, pokhapokha moyo wa munthu uli pangozi. Chomwe mukulipira kwenikweni n'chimenecho. Ife ankhoswe athu sitinawapemphe chilolezo. Tinangoti tikupita kuchipatala ku Tete, ndipo silinali bodza lalikulu.

Chenjezo lokha: masiku ano aliyense wokhala ndi tsamba pa Facebook ndi jekete labwino akudzitcha mlangizi wa mabanja. Wina adzakuuzani kuti vuto ndi apongozi anu asanakumveni n'komwe. Maphunziro a zamaganizo alipo ndithu m'dziko muno, ku Universidade Eduardo Mondlane ndi ku Universidade Pedagógica, choncho kufunsa munthu komwe anaphunzira si mwano.

Zoti muchite

Musanawononge ndalama, yambani mwafunsa pachipatala cha boma chomwe muli nacho pafupi. Unduna wa Zaumoyo wakhala ukuphunzitsa ma técnico de psiquiatria, anthu othandiza odwala maganizo, kuyambira mu 1996, ndipo amapezeka m'zipatala za m'maboma, osati kuchipatala cha amisala cha Infulene ku Maputo kokha komwe anthu amakuopa. Vuto lake ndi mzere wautali ndi maso a anthu okudziwani. Mukasankha wolipira, imbani foni kaye, funsani mtengo, kutalika kwa nthawi (kawirikawiri ndi pafupifupi ola limodzi), ndipo chachikulu, funsani chilankhulo. Musalole amuna anu akhale omasulira, mwamva zomwe ndinachita ine. Akakana kupita, pitani nokha, aphungu amalandiranso munthu mmodzi. Ngati ulendo ukudula, funsani ngati maulendo ena mungamayankhulane pafoni.

Koma ngati pali kumenya, zomwe simunalembe ndipo ndikukhulupirira kuti palibe, iwalani zokhala pamipando itatu. Pitani ku Gabinete yoona za nkhanza za m'banja kupolisi, lamulo 29/2009 lili kumbali yanu, ndipo za ana nambala yake ndi 116, yaulere.

Bambowo musawauze atangotsika chapa, fumbi la malasha likadali m'makutu. Adye, asambe, agone. M'mawa mwake, ana atapita kusukulu, musanene kuti "muli ndi vuto". Nenani kuti inu ndi amene mwatopa ndi chete ameneyu ndipo mukufuna akuperekezeni. Kwathu anachita zimenezi ndi mayi a kunyumba, ndazindikira chaka chatha chomwechi. Mphunzitsi mnzanga uja anachita kumutuma ndi iwowo, ndipo zitenje m'chikwama muja akuti munali zitatu zokha, zakutha.