Kwa achimwene ofuna kugula boti lakale lolondera pa Cahora Bassa

Achimwene, mwati gulu lanu la asodzi a kapenta (tinsomba tating'ono tonga usipa) ku Chicoa, m'mbali mwa nyanja ya Cahora Bassa ku Mozambique, lapeza boti lomwe kale linkalondera panyanja: la faiba, lotalika mamita 8, injini ziwiri za Yamaha F150 (za hosipawa 150 iliyonse), lakhala pamtunda zaka ziwiri, ndipo mwini wake akufuna 1,800,000 meticais. Mukufunsa ngati mtengowo uli bwino. Poona zithunzi zomwe mwaika zija palibe angakuuzeni zoona. Penti yowala ija yangotiuza kuti wina anagula penti. Ndalama zanu zagona pa zinthu zitatu: mapepala, khoma lakumbuyo lonyamula injini lomwe amakaniko amati transom, ndi injinizo. Zotsalazo zimatheka kukonza.

Yambani ndi mapepala musanawononge ndalama yaulendo. Boti la boma siligulitsidwa ngati mbuzi pamsika. Limachotsedwa kaye m'kaundula wa katundu wa boma, zomwe pa Chipwitikizi amati abate, kenako n'kugulitsidwa poyera pa hasta pública. Wogulitsayo akuonetseni chikalata cha abate ndi risiti yomwe analipirira. Ngati linali la kampani kapena la bungwe, funsani mapepala a Alfândegas, ofesi ya msonkho wa katundu wolowa m'dziko, chifukwa katundu wolowa m'dziko osalipira msonkho akagulitsidwa, msonkhowo utha kutsata wogula. Manambala a injini ali pa kachitsulo komata pa bulaketi yomangira ku boti. Awerengeni nokha ndi maso, muwafananize ndi omwe ali pa mapepala. Kachitsulo kopalidwa kapena kooneka kuti kamatidwa dzulo, tembenukani muzipita, injini za maboti zimabedwa kwambiri. Kusintha umwini mukachitire limodzi ndi wogulitsa ku Administração Marítima, ofesi ya boma yoona za maboti. Zilembo za apolisi, sailini ndi nyali zabuluu zichoke botilo lisanakhudze madzi.

Boti lolondera limakalamba mwa mtundu wake. Limatha maola ambiri injini ikungolira pang'onopang'ono podikirira, kenako mwadzidzidzi liwiro lonse pamafunde, kenako kuligunditsa pagombe kapena pambali pa bwato lina. Oyendetsa amasinthanasinthana, ndipo palibe amene ndi lake. N'chifukwa chake kuwonongeka kwake kumabisala m'kati: mphuno, nthiti za pansi, ndi transom.

Transom ija ndi pulayiwudi yokhuthala yokutidwa ndi faiba mbali zonse. F150 imodzi imalemera pafupifupi makilogalamu 220, ndiye khomalo lanyamula makilogalamu 440 osawerengera kukankha kwa injini. Madzi amalowera m'mabowo a mabawuti ndi m'mabowo omwe anasiyidwa pochotsa zipangizo za olonda, pulayiwudi n'kuwola m'kati kunja kukuoneka bwinobwino. Kwezani injini m'mwamba, munthu wathupi aponde pa mwendo wa injini n'kudzigwedeza mwamphamvu, wina akuyang'anitsitsa khoma. Lisapindike ngakhale pang'ono, ndipo ming'alu ya m'makona isatseguke ndi kutsekeka. Mukatero tengani kahamala kakang'ono mugogode khoma lonse, malo ndi malo motalikirana ngati chikhatho. Pabwino pamalira kuti "ke-ke-ke", powola pamati "phu-phu" ngati dzungu. Chomaliza, pemphani kumasula bawuti imodzi ya m'munsi yomangira injini, mulowetse msomali m'bowomo. Mukatuluka madzi ofiirira kapena utuchi wonyowa, khomalo latha. Wogulitsa akakana kuti mumasule bawuti imodzi yokha, mwayankhidwa kale. Kukonza transom kumafuna kutsitsa injini zonse, kudula faiba, kupala thabwa lonse lowola, kuika pulayiwudi ya m'madzi ndi kumatanso ndi resin, guluu womatira faiba. Mmisiri wongopaka faiba pamwamba pa chowola sanakonze kanthu.

Pansi pa boti gonani chagada muyang'ane msana wake kuchokera kumphuno mpaka kumbuyo. Malo omwe penti yatupa kapena yasiyana mtundu ndi zigamba, gogodaninso pamenepo. Matuza ang'onoang'ono omwe mukawaboola amatulutsa madzi onunkha ngati viniga ndi matenda a faiba yomwe inakhalitsa m'madzi. Akakhala ochepa si nkhani, akadzaza pansi ponse ndi ntchito ya milungu. M'kati yendani paliponse mukuponda ndi chidendene, makamaka mozungulira poyendetsera. Pofewa ndiye kuti thabwa lapansi lawola, ndipo kawirikawiri nthiti zomwe zili pansi pake zawolanso.

Pali china chomwe ambiri amaiwala. Pansi pa thabwalo pamakhala thovu louma loyandamitsa boti likabooka. Thovu limenelo likamwa madzi siliumanso, ngakhale dzuwa la ku Tete la mwezi wa Okutobala. Boti limalemera ndi makilogalamu mazana angapo, limamwa mafuta ambiri, ndipo tsiku la ngozi limamira ngati mwala. Tsegulani kabowo kotulutsira madzi kumbuyo, mukweze mphuno ya tirela. Boti lomwe lakhala pamtunda zaka ziwiri likamadonthabe madzi ola lathunthu, thovu lanyowa. Mukatha kulipititsa pa sikelo ya magalimoto n'kufananiza ndi kulemera komwe opanga analemba, ndi bwino koposa.

Thanki ya mafuta ili pansi pomwepo. Tsegulani zivundikiro mununkhize. Fungo la petulo pamalo otsekeka si la kuseka nalo. Makaniko atha kuyesa thanki ndi mpweya, koma asapitirire 3 psi pa geji yoyezera mpweya, kuposa apo aiphulitsa yekha. Petulo wa zaka ziwiri wasanduka utomoni, atayidwe yense, thanki itsukidwe, mapaipi ndi sefa yolekanitsa madzi zisinthidwe. Injini musaziyese ndi petulo wakaleyo, bweretsani thanki yonyamula pamanja yokhala ndi watsopano. Za mawaya sitichulukitsa: pochotsa mawailesi ndi nyali amangodula n'kusiya, makoswe n'kumalizitsa. Werengerani kuti muikamo mawaya ena ndi mabatire awiri atsopano.

Tsopano injini, komwe kuli gawo lalikulu la mtengo. Uzani wogulitsa asazilize inu musanafike, ndipo pofika gwirani ndi dzanja muone ngati zili zozizira. Injini yotopa imavuta kudzuka ikazizira, ikatenthedwa kale imabisa. Musalize injini popanda madzi ngakhale kwa masekondi ochepa, impela ya labala yomwe imapopa madzi oziziritsa imapsa nthawi yomweyo.

Maola olembedwa pa wotchi ya poyendetsera musawakhulupirire, wotchi imasinthidwa. F150 ili ndi kompyuta yake m'kati. Makaniko wokhala ndi chingwe ndi pulogalamu ya Yamaha amawerenga maola enieni, maola omwe yayenda pa liwiro lililonse, ndi zolakwika zomwe inasunga, monga kutentha mopitirira. Kulipira makaniko wotereyu kuchokera ku Tete, mtunda wa makilomita pafupifupi 150 kufika dera la Songo pafupi ndi damu, n'kotchipa kuposa kugula injini yakufa. Maola 2,000 pa injini yomwe inkasinthidwa oyilo maola 100 alionse si oopsa. Maola 600 pa injini yomwe inatenthapo kangapo ndiye oopsa.

Makanikoyo ayese kompuleshoni (mphamvu yomwe silinda iliyonse imapanikizira mpweya) injini ili yotentha, mapulagi onse anayi atachotsedwa, mafuta otsegula mpaka kumapeto. Chofunika si nambala yokha koma kufanana: silinda yotsika isasiyane ndi yokwera kupitirira 10 peresenti. Imodzi ikatsika kwambiri, thirani oyilo pang'ono m'bowo la pulagi muyesenso. Ikakwera, vuto ndi maring'i. Ikapanda kusintha, ndi mavavu kapena gasiketi. Pulagi yoyera mbee pakati pa zinzake zofiirira ikutanthauza kuti madzi akulowa mu silinda imeneyo. Oyilo wa injini akhale wakuda kapena wofiirira. Wooneka ngati tiyi wamkaka ali ndi madzi, wonunkha petulo komanso wopitirira mzere wapamwamba ndi wa injini yomwe inkangolira pang'onopang'ono maola ambiri osatentha mokwanira, matenda enieni a maboti olondera. Funsaninso za lamba wa timing, amene amayendetsa mavavu mogwirizana ndi mapisitoni. Yamaha imati asinthidwe pa maola 1,000 kapena zaka zisanu. Ngati palibe umboni, muwerengere ngati sanasinthidwe, chifukwa akaduka injini ikuthamanga, mavavu amagundana ndi mapisitoni.

Kumunsi kwa mwendo kuli giya bokosi. Masulani kasikuluwu ka pansi, oyilo adonthe pang'ono m'kambale. Oyilo wamkaka kapena madzi otsogola kutuluka ndiye kuti masiilo adyeka. Panyanja pathu pano chomwe chimawadya ndi ulusi wa maukonde. Chotsani pulopela, mupeza ulusi utakulungana pa shafti mpaka kusungunuka. Kasikuluwu kaja kali ndi maginito: fumbi lachitsulo losalala ndi lachibadwa, tizidutswa tomveka pa chala ndi mano a magiya. Zungulitsani shafti mukuyang'ana nsonga yake, ikamavina ndiye kuti pulopela inagundapo chitsa kapena mwala. Nyanjayi inadzaza kuyambira kumapeto kwa 1974 pamwamba pa nkhalango, ndipo madzi akatsika, monga anachitira ndi chilala cha 2024, mitengo ndi miyala zimakhala pafupi ndi pulopela.

Funsani komwe botilo linkagwira ntchito. Ngati linachokera ku Beira kapena ku Quelimane, ladya mchere. Muona ufa woyera pa aluminiyamu, penti yotukumuka pa mwendo, ndi mabawuti okana kumasuka. Makaniko atsegule thermostat, kachipangizo kowongolera kutentha kwa injini, aone m'njira za madzi. Mchere ukadya m'menemo palibe mankhwala.

Zonsezi zikayenda bwino, boti lilowe m'madzi, ndipo apa musanyengerere. Likwezeni anthu ndi katundu wofanana ndi yemwe muzinyamula, muyende ola lathunthu osachepera. Kamadzi kotuluka kumbuyo kwa injini iliyonse kazituluka mwamphamvu osadukiza. Kakakhala kofooka, yambani mwatokosa kabowoko ndi waya, mavu amakonda kumangamo dothi, kenako ganizirani impela, yomwe mchenga wa Zambezi umaidya msanga. Tsegulani mafuta onse kwa mphindi zingapo. F150 iyenera kufika pakati pa 5,000 ndi 6,000 rpm (kuzungulira kwa injini pa mphindi), ndipo ziwirizo zisasiyane kwambiri. Zikakanirira pa 4,500, mwina pulopela si yake, mwina boti lamwa madzi, mwina injini zafooka. Yesani injini imodziimodzi, chifukwa tsiku lina mudzabwerera ndi imodzi. Khotani mwamphamvu uku ndi uku, chiwongolero chisalimbe kapena kuzungulira chabe, ndipo pa silinda yake pasadonthe oyilo. Batire injini ikuyenda lizionetsa mavoti apakati pa 13.5 ndi 14.5. Musanyamuke m'mawa nyanja ili bata basi, dikirani mphepo iwuke mulimve pamafunde. Pobwera tsegulani kabowo kakumbuyo muyeze madzi omwe alowa.

Tipatukeko pang'ono, chifukwa mwina funso lalikulu si lomwe mwafunsa. F150 imodzi pa liwiro lonse imamwa malita oposa 50 pa ola, ziwiri kupitirira 100. Pa liwiro lapakati werengerani malita 50 mpaka 60 pa ola zonse pamodzi. Nyanjayi kuchokera ku damu kufika ku Zumbo ndi makilomita pafupifupi 250, ndiye ulendo wotero ndi maola asanu ndi limodzi kapena kuposa, malita oposa 300 kupita kokha. Ngati ntchito yake ndi kuzungulira zombo za kapenta usiku ndi kutengako nsomba m'mawa, boti la mamita 6 kapena 7 la injini imodzi ya hosipawa 40 kapena 60 ligwira ntchito yomweyo ndi kachigawo kochepa ka mafutawo. Boti lolondera linapangidwira kuthamangitsa anthu ndi mafuta olipiridwa ndi boma. Gulu lanu likhale pansi liwerengere petulo wa mwezi umodzi lisanakambe za mtengo wogulira.

Mukaona kuti mukulifunabe, mtengo muupeze chonchi. Funsani kwa ogulitsa injini ku Beira kapena ku Maputo mtengo wa F150 yatsopano lero. Injini yodutsa mayeso onse, ya maola osapitirira 1,500 komanso yokhala ndi mbiri ya sevisi, ife sitingaipatse kuposa theka la mtengo umenewo. Yopanda mbiri, gawo limodzi mwa magawo atatu. Yolephera kompuleshoni kapena yodyedwa ndi mchere ndi ya masipeyala basi. Thupi la boti muliwerengere padera pofananiza ndi maboti a faiba a msinkhu womwewo omwe akugulitsidwa, ndipo la transom yowola lisapitirire mtengo wa tirela yomwe lakhalapo. Mukaphatikiza, chotsani ndalama zonse zokonzera zomwe makaniko walemba, kuphatikizapo zomwe sizilephera pa boti logona zaka ziwiri: maimpela awiri, oyilo ndi masefa, mapulagi asanu ndi atatu, kutsuka majekita, malamba, mabatire, matayala ndi mabeyaring'i a tirela. Pa ndalama zokonzerazo onjezerani gawo limodzi mwa atatu la zomwe zidzatulukire pambuyo. Nambala yotsalayo ndi yomwe mupite nayo kwa wogulitsa, pamodzi ndi pepala la makaniko. 1,800,000 ija itha kukhala yoyenera pokhapokha injini zonse ziwiri, transom ndi mapepala zitadutsa.

Chikole chikhale chochepa, cholembedwa ndi mboni ziwiri, ndipo pepalalo linene kuti chidzabwezedwa boti likalephera mayeso a pamadzi. Zotsalazo mulipire kudzera ku banki tsiku losintha umwini. Mukapita kukaliona, jambulani manambala a injini, oyilo wa giya bokosi ali m'kambale, ndi zotsatira za kompuleshoni za masilinda onse asanu ndi atatu, muziike pano tizione.