Amayi aang'ono, za makina ndi zitsulo zija

Eee, amayi aang'ono, mwaswera bwanji? Pepani ndachedwa, foni inathima, magetsi anapita m'mawa. Funso lanu ndalimva: kuchipatala akuuzani kuti muzilimbitsa miyendo chifukwa cha mawondowo, ndiye mukufunsa ngati mukalembetse ku jimu ya m'tauni ija ya makina, kapena mungobwereka zitsulo za anyamata zili kuseli kwa nyumbazo. Ndaonanso achimwene ayankha kale kuti makina ndi a anthu aulesi. Achimwene, ulemu wanu, koma apa mwaphonya.

Minofu ilibe maso, amayi. Siona kuti chikulemerachi ndi makina ochokera kunja kapena chitini cha simenti. Imangomva kuti ntchito ya lero yaposa ya sabata yatha, ndiye imalimba. Kusiyana kwake kuli pena.

Makina ali ngati sitima panjanji, njira inakonzedwa kale. Inu mumangokhala, msana n'kutsamira, n'kumakankha, palibe chokugwerani. Mukafuna kuwonjezera kulemera mumangosolola kachitsulo kosankhira kulemera n'kukalowetsa pabowo la m'munsi. Kwa munthu woyamba kumene, wa mawondo ovuta, zimenezi n'zabwino ndithu, makamaka aja amati leg press, okankha ndi mapazi mutakhala. Koma makinawo anawapangira anthu a msinkhu wapakati, ndipo inu, tisabisane, munatengera agogo ufupi. Mpando ukapanda kusunthidwa, bondo limapindikira pomwe sipoyenera. Ndiye musachite manyazi, muitaneni mnyamata wa pajimupo akukonzereni musanayambe, amalipidwira zomwezo. Manambala olembedwa pamakinawo musawakhulupirirenso kwambiri. 30 ya makina awa si 30 ya makina enawo, chifukwa zingwe ndi timawilo tija zimapeputsa katundu mosiyana.

Tsono zitsulo zonyamula pamanja zilibe chokugwirirani. Mimba, msana, chiuno, zonse zimagwira ntchito kuti musadzandire. Ine ndimazikonda chifukwa pakhomo ndi mmene zinthu zilili, ndowa ya madzi ilibe njanji, ndipo mdzukulu wanu uja mukamunyamula sakhala phee. Thupi limalimbira kwambiri chimene mwalizoloweza.

Koma za anyamata zija ayi, chonde. Ine ndinayambira zomwezo, paipi ndi zitini ziwiri za penti zothiramo simenti. Palibe anaziikapo pasikelo. Chonsecho mbali imodzi inkalemera kuposa inzake, ine osadziwa, mpaka phewa lakumanzere linandivutitsa miyezi ingapo, kuvala malaya kokha kunali nkhondo. Ndipo simenti ikauma yauma, simungachepetseko kuti muyambe pang'ono. Ngakhale ku jimu komweko, chitsulo chachitali chokolekapo zolemera uku ndi uku chija anthu amachiyesa ndodo chabe, koma chopanda kanthu chimalemera makilogalamu 20, cha amayi 15.

Inu zida muli nazo kale kukhitchini. Lita imodzi ya madzi ndi kilogalamu imodzi, ndiye chigubu cha malita 5 chija munagulira mafuta ophikira ndi chitsulo chanu, komanso chosinthika, mukafuna mumangothiramo kapena kutayako. Yambani opanda kanthu. Tengani mpando wolimba, muutsamize kukhoma usatsetsereke. Khalani, imirirani osagwira mawondo, ka 10, pumani kaye, muchite choncho maulendo atatu. Pokhala musamangodziponya, muzitsika pang'onopang'ono ngati mpando ndi wa eni, phindu lilinso potsikapo. Zikayamba kuphweka, kumbatirani chigubu pachifuwa chili ndi malita 2, sabata ina 3, choncho. Kenako zigubu ziwiri, china uku china uku, muziyenda kuchoka pakhonde kukafika pageti n'kubwerera, msana uli chilili. A bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO amati munthu wamkulu azilimbitsa minofu masiku awiri pa sabata kapena kuposerapo, ndiye Lachiwiri ndi Lachisanu mwayamba bwino.

Aa, ndisaiwale, BP yanu ija. Musamagwire mpweya podzuka ndi katundu. Anthu ambiri amaluma mano n'kubanika, ndipo BP imakwera nthawi yomweyo. Podzuka tulutsani mpweya, potsika kokani. Za ululu, mawa lake ndi mkuja ntchafu zidzaphwanya ngati mwalima tsiku lonse, musaope, zimatha zokha. Koma mukamva kubaya m'kati mwa bondo, kapena latupa, siyani, mukawauze adokotala aja. Ine ndine wonyamula zitsulo chabe, iwowo ndiwo analiona bondolo.

Ndiye ndalama ya mwezi wonse ku jimu musalipire kaye. Muwerengere ndi ya minibasi kuchokera ku Area 25 kupita ndi kubwera, komanso mvula ikayamba mu Disembala, ndimakudziwani, simudzapita. Loweruka ndibwera m'mawa, tikalipire ya tsiku limodzi, mukalawe leg press ija, muone nokha ngati bondo likuilola. Ikakukomerani tidzakambirana. Zigubu zija mutsukiretu zisamaterere mafuta. Achimwene, nanunso tikutengani, mukakankhe makina a anthu aulesiwo ife tikuonerera.