Kabowa kachikasu ka m'madambo a ku Scotland

Achimwene, mwafunsa ngati kabowa kachikasu kamene mwakaona m'dambo ku Scotland ndi ndere kapena bowa wamba. Chipewa chokha sichingakuuzeni, ngakhale chili cholowa pakati ndipo timizere ta kunsi kwake tatsikira pa tsinde. Gwadani muyang'ane pamene tsindelo lamera. Mukapeza timibulu tobiriwira kwambiri, tating'ono ngati mchenga, pa dothi lonyowa kapena pa chipika chowola, ameneyo ndi ndere yotchedwa Lichenomphalia umbellifera. M'timibuluto mumakhala tizomera ta Coccomyxa, timene timapangira bowayo chakudya ndi kuwala kwa dzuwa. Koma mukaona timamba tobiriwira tonga timasamba, ndiye ndere ina yotchedwa Lichenomphalia hudsoniana. Chonde nyamulani galasi lokuzira zinthu, chifukwa bowa wamba wotchedwa Rickenella amafanana kwambiri ndi kabowa ka nderezi, koma alibe timibuluto.