Mwasunga fisi m'khola la mbuzi

Funso: Ndili ndi thanki ya galasi yowetamo nsomba ya malita 100. Ndinaikamo bichir (nsomba yaitali ngati njoka) mmodzi wa mtundu wa Senegal, tinsomba tating'ono (ma neon tetra 12 ndi ma guppy asanu), ndi pleco (nsomba yoyamwa ndere) woti aziyeretsa galasi. Patha masabata atatu, ma tetra atsala anayi okha ndipo mitembo sindiiona. Tsopano bichir wayamba zigamba zoyera pamsana. Kodi ndi matenda? Ndigule mankhwala anji?

Yankho: Bambo, mankhwala asiyeni kaye. Matenda otha nsomba usiku osasiya mtembo munachita kugula nokha, ndipo mukuwadyetsa tsiku ndi tsiku. Mwatsekera fisi m'khola la mbuzi, m'mawa n'kumafunsa kuti ana a mbuzi akupita kuti. Chikhala munafunsa musanagule, bwenzi ma tetra anu onse alipo.

Bichir amapusitsa anthu ambiri chifukwa masana amangogona pansi phee, ngati alibe vuto ndi aliyense. Maso ake saona bwino, amasaka ndi fungo, makamaka mukazimitsa magetsi. Nthawi imeneyo tinsomba tating'ono timakhala titaima duu pafupi ndi pansi, iye amangofika n'kumeza. Si nkhanza ayi, sathamangitsa anzake chifukwa cha malo. Koma chilichonse chokwana m'kamwa mwake kwa iye ndi chakudya. Ndipo musayeze kamwa la lero, ganizirani la chaka chamawa, pakuti wa Senegal amafika masentimita 30, pamene mitundu ina, monga ornate, imafika 60.

Zigamba zoyerazo sindinazione, koma ndikukuuzani kuti woziyambitsa ndi pleco. Nsombayi imakakamira pamsana pa bichir usiku n'kumayamwa zoterera zimene zimateteza khungu lake, mpaka kusiya mabala. Chaka chatha ndinaona zomwezi m'mathanki awiri, eni ake atataya kale ndalama pa mankhwala. Titachotsa pleco mabala anapola okha. Mumchotse lero lomwe, ndipo muzisintha gawo limodzi mwa magawo anayi a madzi kawiri pa sabata mpaka khungu libwerere. Mankhwala adzafunika pokhapokha mukaona pabala pakumera zoyera ngati thonje.

Nanga muikemo chiyani? Ine nthawi zonse ndimayamba ndi nkolokolo, zimene ogulitsa amazitcha Synodontis. Zili ndi minga yolimba pazipsepse moti bichir sazilakalaka, zimayenda usiku ngati iye, ndipo zimatola zotsala pansi. Sankhani zazikulu kale, osati tiana. Kungoti ndi zadyera, choncho muzionetsetsa kuti bichir akupeza gawo lake. Pa zaka zonse ndakhala ndikulangiza anthu, nkolokolo sizinandichititsepo manyazi.

Zina ziliponso. Nsomba za thupi lotambalala ngati mbale, monga silver dollar, sizingamezeke, koma zimafuna kukhala gulu la zisanu kapena zisanu ndi imodzi. Leopard ctenopoma ndi African knifefish nazo zimakhala naye bwino zikakula. Ma corydoras musayerekeze: ndi ang'ono moti amawameza, koma minga yawo imakola pakhosi, mapeto ake mutaya onse awiri. Mbuna nazonso ayi, ndewu yachuluka, zimamuluma zipsepse ndi kumulanda chakudya iye akadali kununkhiza kuti chagwera pati.

Pa nkhani ya chakudyayi ambiri mumalakwitsa. Mumamwaza pamwamba masana, nsomba zaliwiro n'kutha chonse, bichir n'kugona ndi njala. Mpatseni chakudya chomira pansi mutazimitsa magetsi, monga nyongolotsi kapena tizidutswa ta nsomba. Komabe musadzinamize kuti akakhuta asiya ma guppy.

China chimene simunafunse koma ndinenabe: thanki ya malita 100 yachepa. Kwa bichir ndi anzake pamafunika malita 200 kapena kuposa, yotalika pafupifupi masentimita 120, chifukwa iye amafuna bwalo la pansi, kuya alibe nako ntchito.  Pansi muike mchenga, ndi mapaipi kapena zikuni zobisalamo zokwanira aliyense wa pansi, madzi akhale pa madigiri 24 mpaka 28. Bichir ali ndi mapapo, amakwera kukapuma mpweya, ndiye musadzaze madzi mpaka pakamwa pa thanki. Chivundikiro chikhale chothina, ngakhale pobowola podutsa mawaya mutseke. Wina ndinam'peza m'mawa ali pansi pa tebulo, fumbi lokhalokha. Mwayi wake khungu linali lisanaume, nditam'bweza m'madzi anatsitsimuka.

Thanki yakaleyo musagulitse. Ikhale ya ma tetra anayiwo, ma guppy ndi pleco. Pamene mukudikira yatsopano, apatuleni madzulo ano, ngakhale m'chidebe choyera chokhala ndi kapampu ka mpweya, musanazimitse magetsi.