Funsani Malume: Kanema wakale wa Joni usiku, anthu athu ali kuti?

FUNSO: Malume, ine ndimasoka zovala kuno ku Rosettenville. Pagulu lathu la WhatsApp la akumudzi wina anaponya kavidiyo akuti ndi Joni m'ma 1950, usiku, magetsi ali ngwee, tisitima tosanjikiza tikuyenda pakatikati pa msewu limodzi ndi magalimoto. Ena akuti nzopanga pakompyuta. Ine chandigwira mtima nchakuti agogo anga aamuna anabwera kuno ndi Wenela zaka zomwezo ndipo sanabwererenso ku Ntcheu, nde ndakaonera kambirimbiri kuti mwina ndionemo munthu wathu koma azungu okhaokha. Nzoona zimenezi? Nanga anthu akuda anali kuti? — Mdzukulu wa mtchona

YANKHO: Mwanangu, tisitima timeneto ndi mathiramu ndipo Joni inali nawo ndithu, amene akutsutsa awuzeni adekhe. Anayamba mu 1891 akukokedwa ndi mahatchi, tauniyi ili ndi zaka zisanu zokha chiyambire, mu 1906 anabwera amagetsi, ndipo yomaliza inayenda pa 18 March 1961. Cape Town inasiya mu 1939, Durban mu 1949, nde ngati kanemayo ndi wa South Africa m'ma 1950 ndipo muli thiramu, Joni yathu yomweyi basi.

Koma musangokhulupirira chifukwa woponyayo walemba choncho, masiku ano anthu akutenga kanema wa mzinda wina nkumata dzina. Imitsani vidiyo muyang'ane bwino. Magalimoto ayende kumanzere, manambala ake ayambe ndi TJ, zikwangwani mupeza zina m'Chingerezi zina m'Chiafrikaans. Mitengo pawindo la sitolo ikhale ya mapaundi ndi masheleni chifukwa randi inabwera pa 14 February 1961, thiramu itatsala ndi mwezi umodzi kuti ithe. Mukaona thiramu koma kumbuyo kwake kuli Hillbrow Tower kapena Carlton Centre kapena Ponte dziwani wina waseweretsa, nyumba zimenezo nza m'ma 1970. Komanso musasokoneze ndi trolleybus, basi yamagetsi ya matayala yokhala ndi ndodo ziwiri pamwamba, imeneyo inayenda kuyambira 1936 mpaka 1986. Thiramu imayenda panjanji, ndodo yake ikukhuza waya wam'mwamba, ndipo usiku ikamakhota pamphambano mumaona moto wobiriwira ukuthetheka pamene ndodo yadumpha pang'ono pawaya, kenako mawindo awiri osanjikizana akudutsa ali ndi mitu ya anthu ovala zipewa. Ine kamoto kameneko ndimabwezera vidiyo kuti ndikaonenso.

Msewu wowala kwambiri m'makanema amenewa nthawi zambiri umakhala Commissioner Street, kunali nyumba zoonetsera kanema monga Colosseum, yomwe inatsegulidwa mu 1933 nkugwetsedwa mu 1985, mwinanso Eloff Street ya masitolo akuluakulu ndi Carlton Hotel yakale. Maina ena anasintha, Market Street pano ndi Albertina Sisulu, Bree ndi Lilian Ngoyi ngakhale tonse timangoti pa Bree.

Tsopano funso lanu lenileni, ndipo landiwawa pomawerenga. Agogo anu simukuwaona chifukwa lamulo silinkawalola kukhala pamenepo nthawi imeneyo. Munthu wakuda ankayenda ndi pasi, kuyambira 1952 kabuku kaja ankakatcha dompas, ndipo ikakwana nthawi yoikika usiku sankaloledwa kupezeka m'tauni ya azungu popanda kakalata kapadera kochokera kwa bwana. Akakupeza ulibe, m'galimoto ya apolisi. Nyumba za kanema za pa Commissioner zija sankalowamo. Ngakhale mathiramu omwewo anali osankha, akuda anali ndi awoawo. Nde wojambula akaimika kamera yake pakhomo la Colosseum anthu akutuluka, amene mukuwaonawo ndi amene ankaloledwa kuonekako.

Ngati agogo anu anali a Wenela, nthawi imene kanemayo ankajambulidwa iwo anali mkomboni, kaya ku Crown Mines kaya City Deep kaya migodi ya ku East Rand, amuna okhaokha m'chipinda chimodzi pamabedi a simenti osanjikiza, ena ali pansi pa nthaka pa shifiti yausiku. Si kutali ndi magetsi mukuwaonawo, City Deep mumaidutsa inu nomwe, ndipo golide amene ankakumba ndi amene anamanga misewu yowalayo. Amene anabwera pa selefu, osadzera kwa Wenela, ambiri ankagwira ntchito yophika, yoperekera zakudya m'mahotela, yam'munda, ya ulonda, akuNyasaland ankadziwika nazo kwambiri ntchito za m'nyumba, ndipo ankagona m'tizipinda ta kuseri kwa nyumba za mabwana kapena padenga penipeni pa mafulati. Matchona ambiri anathera mmenemo, anakwatira kuno, ena anasintha ndi maina omwe kuti asabwezedwe. Ineyo sindiwaweruza, munthu unachoka kumudzi ukulonjeza njinga ndi malata, zaka zapita ulibe kanthu m'manja, manyazi okha amatha kukutsekera njira yakwanu.

Palinso nkhani ya filimu yeniyeniyo. Filimu yakale, makamaka yamakala ngati Kodachrome imene inayamba mu 1935, inkafuna kuwala kwambiri, usiku inkangogwira nyali, zikwangwani za neon ndi nkhope zoyera zimene zayandikira magetsi, khungu lakuda limamira mumdima. Nde musamayang'ane pakati pa chithunzi pomwe wojambula ankafuna muyang'ane. Kwezani kuwala kwa foni, chepetsani liwiro la vidiyo, yang'anani m'mphepete. Pakhomo la sitolo yotseka pamatha kukhala mlonda wavala chijasi chachitali atakhala pafupi ndi mbaula yake, pakona mnyamata wanyamula manyuzipepala, wina akukankha njinga ya katundu, wina wavala jekete yoyera akutsegula chitseko cha hotela. Amaoneka kamphindi kochepa kamera nkuwapitirira. Sindikukulonjezani kuti mupeza agogo anu, koma anzawo alimo.

Ndipo zaka zomwezo kunja kwa chithunzicho kunkachitika zazikulu. Pa 9 February 1955 apolisi anayamba kusamutsa anthu ku Sophiatown kupita nawo ku Meadowlands. Mu January 1957 anthu a ku Alexandra anakana kukwera mabasi mtengo utakwera kuchoka pa mapeni anayi kufika asanu, ankayenda wapansi pafupifupi makilomita 15 kupita kuntchito, kunyamuka kusanache kubwerera kutada, miyezi itatu. Makanema a nkhani ngati African Mirror, amene anayamba mu 1913 ndipo ankaonetsedwa m'nyumba za kanema chifukwa TV kuno inachedwa mpaka 1976, ankakonzedwera maso a azungu. Onerani kavidiyo kanuko, nkokongola ndipo ine ndimakakonda, koma mukamaonetsa ana anu muziwauzanso za komboni. Wenela yo Kamuzu anaiimitsa mu 1974 ndege ya Wenela itagwa ku Francistown nkupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo, funsani akuluakulu ku Ntcheu akuuzani mmene maliro ake anagwedezera dziko.

FUNSO: Malume, zinthu zabwino chonchi anazichotseranji, pano tikuvutika m'mataxi? Ilipo ina yotsala yoti munthu nkuiona? — Bambo wa ana atatu, Turffontein

YANKHO: Bambo, magalimoto atachuluka akuluakulu a mzinda anaona ngati thiramu ndi imene ikutseka msewu, poti imayenda pakati ndipo singapatuke, njanji ndi mawaya zinkafuna ndalama zokonzera, basi imatha kupita kulikonse kumene tauni yakulira. Si Joni yokha, London inachotsa ake mu 1952. Ine ndimati analakwitsa, onani mu 2009 anabweretsa basi ya Rea Vaya nkuipatsanso njira yakeyake pakati pa msewu, ndalama zankhaninkhani kubwezera chinthu chofanana ndi chimene anazula. Zokaona zilipo ndipo muli nazo pafupi, James Hall Museum of Transport ku La Rochelle pa Rosettenville Road, pafupi ndi Wemmer Pan, kuli mathiramu ndi ma trolleybus akale. Tengani ana Loweruka lina, koma yambani mwafunsa nthawi yotsegulira.

FUNSO: Abwana anga akusamuka, pokonza m'galaja ndapeza zitini zafulati muli mafilimu okulunga, pena palembedwa Eloff St 1958. Akuti nditaye. Zina zikununkha ngati viniga. Nditani? — Wam'munda, Kensington

YANKHO: Achimwene musataye chonde! Pemphani kaye abwanawo akuuzeni momveka kuti akupatsani, ngati nkotheka alembe pakapepala, zisadzasanduke nkhani yakuba. Fungo la vinigalo ndiye kuti filimu yayamba kuwola, zonunkhazo zipatuleni chifukwa zimapatsira zinzake, zonse muike pamalo ozizira ndi ouma, osati padzuwa kapena pansi pa malata otentha. Musayese kuziika m'makina akale oonetsera, filimu yokalamba imafupika nkuuma ndipo mano a makinawo amaing'amba, komanso musagwire pachithunzi ndi zala, gwirani m'mbali. Ikakhala yopyapyala, 8mm kapena 16mm, ndi ya pabanja, siyoopsa. Ikakhala yotakata ya 35mm ndipo ndi yakale isanafike 1951 samalani kwambiri, ina ya mtundu umenewo imayaka moto wovuta kuzimitsa, isayandikire mbaula kapena ndudu. Ku Pretoria kuli National Film, Video and Sound Archives, ndi a boma osunga zinthu ngati zimenezi, jambulani zitinizo ndi zolemba zake pafoni muwaonetse musananyamule kalikonse.