Za manda a ku Korea aja mwafunsa, azakhali

Azakhali mwaswera bwanji, ndamva funso lanu lija, loti zithunzi ndinaponya mugulu muno zija ndi za kuti, komanso bwanji munthu ajambule zokongola choncho mmanda momwe palibe okaona.

Eya, ndi za ufumu wa Goguryeo, unali kumpoto kwa Korea mpaka mbali ina ya China, unagwa mu 668 atawuthira nkhondo a Tang a ku China mogwirizana ndi a Silla, ufumu wina wa kummwera kwa Korea komweko. Ndiye manda awo si dzenje ngati athuwa ayi, ndi zipinda zamiyala, pamwamba nkuunjikapo dothi lambiri, mkatimo amazira laimu kenako nkujambulapo.

Nde pa funso lanulo, zithunzizo sizinali za ife odzaona, zinali za malemuyo. Iwo amakhulupilira kuti munthu akamwalira moyo ukupitilira, ndiye asakasowe pakhomo pake. Ine amene amandikhudza kwambiri ndi manda a Anak nambala 3, ku North Korea, pakhoma analembapo chaka chofanana ndi 357. Mmenemo azakhali muli khitchini yeniyeni, mayi ali pa mphika waukulu, wina wagwada akusonkhezera moto, pambali nyama yapachikidwa pa ngowe, chitsime chilipo, khola la akavalo, la ng'ombe, ngolo zaimikidwa, komanso mdipiti wa anthu pafupifupi 250 akuperekeza bwana wawo. Tangoganizani, sanaiwale ngakhale wosonkhezera moto, ine pamenepo mtima umandigunda ndithu.

Chithunzi chija cha alenje chili mmanda a ku Ji'an, mbali ya China, pomwe panali likulu lawo asanasamukire ku Pyongyang mu 427. Tachikulitsani pa foni, muona munthu ali pa kavalo wothamanga, watembenuka akulasa agwape kumbuyo, wina akupitikitsa kambuku wamizeremizere uja. Manda omwewo muli ovina ovala malaya amikono italiitali.

Kenako zinasintha, manda a pambuyo pake ngati a Gangseo ku North Korea anasiya za kukhitchinizi, amajambula pamwala penipeni zilombo zinayi zolondera malemu, chinjoka kummawa, kambuku woyera kumadzulo, mbalame yofiira kummwera, kumpoto fulu atakulungidwa ndi njoka.

Bungwe la UNESCO linaika mandawa pa mndandanda wake wa malo ofunika kutetezedwa padziko lonse mu 2004, a ku North Korea ndi a ku China omwe, koma ambiri salola anthu kulowamo chifukwa chinyontho chimawononga utotowo.