Port yakana kutseguka: yankho kwa mphunzitsi wa ku Luchenza

Mphunzitsi wina wa ku Luchenza wandilembera imelo. Kunyumba ali ndi rauta yolowetsa SIM kadi, ndipo akutsitsa Ubuntu (pulogalamu yoyendetsera kompyuta, ngati Windows) ndi mafayilo a Kiwix (pulogalamu yowerengera masamba a intaneti osungidwa pa kompyuta) kudzera pa pulogalamu yotsitsira mafayilo ya qBittorrent, kuti ana kusukulu aziwerenga Wikipedia popanda intaneti. Port, kakhomo ka nambala kamene makompyuta ena amalowerapo, anatsegula pa rauta, koma qBittorrent ikusonyezabe kuti palibe amene akumupeza kuchokera kunja. Akufunsa kuti walakwitsa pati.

Aphunzitsi, n'kutheka kuti simunalakwitse paliponse.

Rauta ili ngati mlonda wa pageti la esiteti ya tiyi. Munthu amene mwaitana nokha amamulowetsa, koma mlendo wongotulukira amamubweza. Tsono BitTorrent, njira yogawirana mafayilo imene qBittorrent imagwiritsa ntchito, yomwe Bram Cohen anaitulutsa mu 2001, imadalira kuti makompyuta aziyenderana okhaokha. Port forwarding ndiko kumuuza mlondayo kuti aliyense wobwera ndi nambala yakuti, muzimulozera kwa uje.

Musanakhudze china chilichonse, onani ngati geti lanulo ndi lomwe lili kumsewu. Tembenuzani rauta, kunsi kwake kuli kapepala kolembedwa adiresi yolowera: marauta ambiri a Huawei ndi 192.168.8.1, ena 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1. Mukalowa, funani pamene palembedwa WAN IP, adiresi imene rauta yapatsidwa ndi kampani ya intaneti. Kenako funsani pa Google adiresi yanu ya IP, mufananize ziwirizo. Zikasiyana, kapena ya pa rauta ikayamba ndi 10, kapena ikakhala pakati pa 100.64 ndi 100.127, dziwani kuti kunja kwa geti lanu kuli linanso la kampani yokupatsani intaneti, ndipo makiyi ake mulibe. Zimenezi amati CGNAT. Maadiresi a mtundu umenewu, otchedwa IPv4, alipo pafupifupi 4.3 biliyoni basi, ndipo bungwe loyang'anira maadiresiwa la IANA linagawa otsala omaliza mu February 2011. N'chifukwa chake makampani ambiri a mafoni amaunjika makasitomala ochuluka pa adiresi imodzi. Popeza yanu ndi ya SIM kadi, ine ndikukayikira pomwepa.

Zikakhala choncho, musataye nthawi yanu. Ngakhale mutachezera usiku wonse kusintha manambala, port sidzatseguka. Mutha kufunsa kampaniyo ngati imagulitsa public IP (adiresi yofikirika kuchokera kunja), kapena kulipira VPN (njira yodutsira pa kompyuta ya kampani ina) yolola port forwarding, koma pa ntchito mukuchitayi ndalama imeneyo ndikuona kuti n'kuwononga. Kutsitsa kumayendabe port ili yotseka, chifukwa kompyuta yanu imatha kugogoda yokha kwa anzanu amene ma port awo ndi otseguka, ndipo ogawa Ubuntu ndi ambirimbiri. Chimene mumaluza ndi aja otsekeredwa ngati inu. Liwiro likamachepa, yambani mwasuntha rauta kuiika pawindo, muyesenso usiku anthu atagona.

Nanga manambala aja akafanana? Pamenepo nthawi zambiri vuto limakhala m'nyumba, ndipo limatheka kukonza.

Chimene chimapusitsa anthu ambiri kwathu kuno ndi kuthima kwa magetsi. Munatsegula port laputopu ili pa 192.168.8.101. Magetsi athima, abweranso, foni ya amayi akunyumba yathamangira kulumikiza, rauta yaipatsa 101 ija, laputopu yalandira 103. Lamulo lotsegula port munalemba pa rauta lija likadalipo, koma tsopano likulozera alendo ku foni. Pa Windows tsegulani Command Prompt, mulembe ipconfig, muone nambala imene laputopu ili nayo lero. Kuti zisabwerezeke, pitani pa DHCP, gawo la rauta logawa manambalawa, mumangirire nambala imodzi ku MAC address, chizindikiro chimene rauta imadziwira laputopuyo. Samalani apa: Wi-Fi ndi chingwe zili ndi MAC yosiyana, choncho sankhani njira imodzi yolumikizira.

Nambala ya port ikhale imodzimodzi mbali zonse. Mu qBittorrent ili pa Tools, Options, Connection. Sankhani ina pakati pa 49152 ndi 65535. Zakale zija za 6881 mpaka 6889 makampani ena amazipanikiza. Pa rauta lolani TCP ndi UDP, njira zotumizira data, zonse ziwiri. Firewall ya Windows, mlonda wa m'laputopu momwemo, nayonso iuzeni kuti qBittorrent ndi yololedwa. Poyesa ngati yatseguka, pulogalamu ikhale ikugwira ntchito, chifukwa ikakhala yotseka palibe woyankha ndipo mudzauzidwa kuti port ndi yotseka pamene zonse zili bwino.

Ngati munalumikiza rauta yachiwiri kuti Wi-Fi ifike kuchipinda, yachiwiriyo isandutseni access point, kutanthauza kuti izingofalitsa Wi-Fi osakhala geti lina. Mu rauta mulinso polembedwa DMZ, koma imeneyo yokha ndikukupemphani musaiyatse: imasiya laputopu yonse poyera chifukwa cha port imodzi.

Pali chinanso chimene simunafunse. Fayilo ikatha kutsika, qBittorrent imapitiriza kuigawira ena, ndipo kugawako kumadya bandulo mofanana ndi kutsitsa. Port ikatseguka, okupezani amachuluka. Ikani malire pa Options, Speed, apo ayi bandulo ya mwezi idzatha musanadziwe. Ubuntu ndi Kiwix eni ake amalola kugawana. Nyimbo ndi mafilimu a eni ndi nkhani ina, yomwe lamulo la Copyright Act la 2016 limaletsa popanda chilolezo.

Mukaona WAN IP ija, ndilembereni zigawo ziwiri zoyambirira zokha, osati yonse, pamodzi ndi mtundu wa rauta yanu.